Anankafumbwe mu mpunga wa bambo a Esinta

LOLEMBA

M'mawa. Ndili pa makina pakhonde, ndikupinda yunifolomu ya mwana wa eni. Abiti Saidi atulukira kuseri kwa bafa, mpango uli pambali, akupuma ngati awathamangitsa. Abiti Saidi ndi oyandikana nawo nyumba kuno ku Nkhudzi, ntchito yawo ndi kuyanika usipa. Amuna awo, Che Bwanali, anatengedwa mwezi umodzi ndi amuna anga. Ubale wathu ndi umenewo, wina tilibe.

Akunong'ona: "Chemwali, Lamulungu! Akutulutsa anthu. Msuweni wanga amasesa ku Boma, wamva ndi makutu ake. Adzawatsitsa pamsewu ndi basi ya masana. Walahi!"

Singano yandibaya chala. Kuwawa sindikukumva n'komwe.

Bambo a Esinta akubwera! Chaka chatsala pang'ono kukwana chiwatengereni padoko ku Monkey Bay, atavala epuloni yawo ya kukhitchini ya m'sitima. Mlandu wake: akuti anakulunga chambo m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi chosayenera kununkha nsomba. Khoti kunalibe. Kumene anawapititsa sindikudziwa, ndipo kufunsa n'kudziputira zina.

Zochita sabata ino:
- kuzira khonde
- kuchapa ndi kusita malaya awo oyera
- kutumiza mawu ku Malindi, kumene Esinta akukhala ndi achemwali anga. Ayi. Ayambe afika. Mwana uja ndamulonjeza kokwanira.
- MPUNGA!

Mpungawu ndi theka la thumba, wa ku Karonga, wonunkhira uja woti ukauteleka mudzi wonse umabwera kudzapala moto. Anabwera nawo paulendo wawo womaliza. Kukamwa kwa thumba anamanga ndi manja awo, mfundo ya m'sitima yosamasuka wamba, n'kunena kuti, "Uwu ndi wa Khirisimasi, tidzamasula limodzi." Khirisimasi inafika, iwo kulibe. Atatitulutsa m'nyumba ya kuntchito ndinasiya kabati ndi mipando, koma thumbali ndinachita kulikhalira pa lole mpaka kuno. M'Febuluwale njala ili pakhosi, ndikugonera maungu, sindinalikhudze. Mumtima ndinkati tsiku limene ndidzamasule mfundo ija ndiye kuti ndavomera kuti sabwera.

Masana. Ndalowa m'kachipinda kosungiramo zakudya. Ndikungofuna kununkhiza basi. Ndawerama. Thumba likulankhula! Kaphokoso kakang'ono m'kati, ngati mvula yowaza pa denga la udzu.

Mfundo sindinaikhudze. Ndatumbula msoko wa pansi ndi lezala. Ndine telala, ndidzasoka.

Mayo ine! Anankafumbwe! Akuda, ang'onoang'ono, timilomo tosongoka, ali piringupiringu ngati anthu pa depoti. Ena akukwera mkono wanga opanda mantha, ngati mlendo m'nyumba muno ndine. Chaka chonse ine ndikugona ndi njala pafupi ndi thumbali, iwo akudya Khirisimasi tsiku ndi tsiku, n'kumaberekana pomwepo.

Ndakhala pansi. Ndalira pang'ono, osati kwambiri, poti nyumba za kuno zili ndi makutu. Kenako ndadzuka, ndapukuta m'maso. Lamulungu munthu adya mpunga wake, woyera, wopanda kachirombo ngakhale kamodzi. Ndatero ine.

LACHIWIRI

Dzuwa la Okutobala, loti mchenga ukuwotcha mapazi mbandakucha womwe. Zabwino! Nankafumbwe ndi dzuwa samwerana madzi, izi amadziwa aliyense.

Ndayala mikeka pabwalo. Ndakhuthula, ndasalaza ndi manja. Ndakhala pamthunzi ndi ndodo pamiyendo ngati mlonda wa pa golosale.

Zikuyenda! Akutuluka m'magulumagulu, akuthawa. Ndikuwaseka mokweza: pitani, kwanu n'kuti kodi?

Kwawo ndi m'nyumba mwanga. Sindinaganize kuti wothawa dzuwa amalunjika kumthunzi. Mzere wautali wachoka pa mkeka, wakwera khonde, walowa pakhomo, mwaulemu ndithu, osakankhana. Pofika masana ali:
- mu ufa
- mu nyemba, zimene mpaka dzulo zinali bwinobwino
- m'diresi la ukwati la mwana wa a katekisiti, limene ndiyenera kupereka mwezi uno
- m'Baibulo, cha ku Masalmo

Nkhuku za mudzi wonse zamva nkhani. Poyamba ndakondwa, ndimati zinditolera adani anga. Nkhuku si yopusa. Ukaiikira nankafumbwe apa, mpunga wa ku Karonga apa, imasankha chomwe ndingasankhe ine. Ndathamangitsa za kuno, za uko zalowa. Ndathamangitsa za uko, abakha afika.

Kenako tambala wa a landilodi, wakuda bii, wadza pakati penipeni pa mkeka n'kuyamba kupalasa. Ndakweza ndodo. Ndakumbukira zaka zimene tikukhala zino, ndaona kuti panjira pali anthu, ndatsitsa ndodo. Tambala wakuda, chizindikiro cha chipani, sagendedwa pagulu, makamaka ndi mkazi ngati ine. Ndangomupempha bwinobwino kuti akakhuta achoke.

Chodabwitsa cha lero. Chichokereni amuna anga, anthu ambiri pano sandipatsa moni. Akamadutsa amachita chidwi ndi mtengo wa mango. Lero akuima! Komabe sakulankhula ndi ine, akulankhula ndi mpunga.

"Uwu ukufuna phulusa."

"Masamba a nimu basi, ouma."

"Tsabola wa kambuzi, wosinja. Sabweranso."

"Watha uwu. Kungopatsa abakha."

Omalizawa ndi eni ake abakha, ndipo diresi limene avala ndinawasokera ine, ulere, nthawi ija tinali anthu ku Monkey Bay. Mawu anafika pakamwa, ndawameza. Komanso chilungamo chake, mawu a anthu pabwalo panga ndinawasowa. Ndawasiya anene, ine n'kumagwedeza mutu ngati mpunga ndiwo ukuyankha.

Ndawolera m'thumba dzuwa litapendeka. Thumba lapepuka. Ndikudziuza kuti ndi kulemera kwa anankafumbwe kumene kwachoka.

LACHITATU

Nzeru zatsopano: pansi pali nkhuku, ndiye mpunga ukwere m'mwamba. Abiti Saidi andibwereka thandala lawo loyanikapo usipa, lalitali, kuseri kwa nyumba cha kuphiri. Tayalapo mkeka, tathira. Nkhuku zili pansi, makosi m'mwamba, zikung'ung'udza. Zionereni! Kumthunzi kwa anankafumbwe lero ndi kutchire, osati kwanga.

Ndisanakhale n'komwe pansi, wezulo. Amayi a tcheya a nthambi yathu ya chipani, achinyamata awiri a malaya ofiira ali pambuyo.

"Amayi nonse kubwalo la sukulu, kokonzekera gule! Kukubwera alendo akuluakulu. Makamaka inu awiri, mukakhale kutsogolo."

Makamaka ife awiri. Mkazi wa munthu wotengedwa sadwala mutu, sakhala ndi maliro, sakhala ndi mpunga padzuwa. Nanji sabata ino! Ndikakana lero, ndani akudziwa dzina limene lingafufutidwe Lamulungu lisanafike?

Ndavala nsalu ija ya pagule. Nkhope yomwe ija inawatengetsa amuna anga ili kumbuyo kwangaku, pokhalira penipeni, ikumwa thukuta. Pa chambo ndi mlandu, apa ayi. Zimenezi ine mutu wanga sugwira.

Tavina. Fumbi m'kamwa, dzuwa paliwombo. "Mwetulirani amayi, simuli pamaliro!" Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Abiti Saidi ali pambali panga, milomo ikuimba, maso ali kuphiri. Pakati pa nyimbo andigunda ndi chigongono.

"Chemwali. Anyani."

Anyani! Ndinaiwala kuti pamene nkhuku siifika, nyani amachita kukhalapo ndi matako. Kuchokera pabwalo la sukulu phiri limaoneka lonse. Akutsika, banja lathunthu, ana kumsana, osafulumira, ngati oitanidwa ku ukwati. Ndikuwaona. Ndikuvina. Ndikuwomba m'manja. Ndikuthokoza chifukwa cha mtendere ndi chakudya chochuluka. Kuchoka pamzere sikungatheke, mnyamata wa malaya ofiira waima pomwepo ndi kamtengo kake.

"Tibwereze, mapazi sakugwirizana!"

Tabwereza.

Pobwerera tathamanga ngati atsikana. Mkeka uli pansi. Mpunga uli mbwee mumchenga. Chinyani chachikulu chakhala pa thandala, masaya otupa, chikundiyang'ana ngati ndachedwa pamsonkhano wake. Ameneyu ndiye ndamugenda, poti sali pa nsalu ya munthu aliyense.

Tatola mpaka misana kuuma. Zimene tapulumutsa:
- mpunga
- mchenga
- mamba a usipa
- china chake chimene nyani wasiya posonyeza kuthokoza

Anankafumbwe onse ali bwino. Palibe wavulala.

Abiti Saidi akuti, "Musalire chemwali. Mwamuna wochokera kumeneko sayang'ana za m'mbale, amangodya." Ndikudziwa. Koma ine ndikufuna ayang'ane. Ndikufuna aone kuti ndinasunga, kuti sindinataye mtima tsiku ndi limodzi lomwe. China choti ndiwaonetse ndilibe: nyumba inapita, kabati inapita, mwana ali kwa eni.

LACHINAYI

Tsiku lopeta. Lichero, sefa, beseni. Thupi lonse likuwawa ndi gule wa dzulo.

Ndikupeta, mpunga ukuuluka. Osati mankhusu, mpunga weniweniwo! Ndatola njere imodzi, yooneka bwinobwino, yoyera. Ndaitsina. Fwaa, ufa. Ina, chimodzimodzi. M'kati mulibe kanthu, kwatsala khungu lokha ndi kachibowo pambali.

Izi zandiwawa kuposa anyani. Nyani amaba ukuona, ukhoza kumutukwana. Awa adya m'kati mwakachetechete, kunja n'kusiya ulemu wake. Ndakhala ndi lichero pamiyendo, manja lende. Ndikuopa. Ndikuopa kuti nawonso adzatsika basi ali chomwechi, nkhope ili yawo, dzina lili lawo, koma ukawagwira mulibe munthu.

Basi, zokwanira. Dzuka, mayi iwe.

Masana. Kugolosale ya pamsewu, ine ndi Abiti Saidi. Ndafunsa mankhwala a ufa aja othira m'chimanga. Mwini golosale akuyankha maso ali panja, kuona amene akumuona akugulitsa kwa ife. "Alipo. Koma mukathira mudikire miyezi musanadye."

Ndati, nanga pang'ono chabe, kansonga ka supuni, kudya Lamulungu?

Abiti Saidi andikoka chitenje mpaka panja. "Munthu wapirira chaka chathunthu kumeneko, inu mukufuna adzafere m'mbale mwanu?"

Taseka mpaka kugwirana m'mapewa, pamsewu, anthu akuona. Kuseka kwenikweni koyamba chaka chino. Kwathera m'misozi, koma kunali kuseka ndithu.

Kwatsala malangizo a anthu aja a Lachiwiri. Phulusa, nimu, tsabola. Chabwino n'chiti? Nthawi yosankha ndilibe. Ndathira zonse zitatu, ndasakaniza ndi mthiko.

Zotsatira:
- kuyetsemula: ine, Abiti Saidi, ndi mbuzi ya a landilodi
- maso psuu, ngati wosuta chamba
- mpunga wotuwa ngati simenti
- anankafumbwe atuwa nawonso, koma akuyenda. Ena akuoneka ngati awonjezera liwiro.

Eni abakha adutsanso, aima, auza mpunga kuti, "Phulusa amathira pokolola, osati atalowa kale." Nanga Lachiwiri pakamwa panali potupa?

Theka la thumba lija tsopano likukwana mu ndowa, n'kutsalanso malo. Thumba lenilenilo lili pa msomali, lopanda kanthu, mfundo ili chimangire pamwamba.

LACHISANU

Abiti Saidi lero ali ndi za Mulungu wawo. Ine ndadzuka ndi za Satana.

Maganizo ake ndi awa. Pamsika ku Monkey Bay amagulitsa mpunga. Ndikagule, ndithire m'thumba lomwe lija, ndisoke pansi ndi ulusi wofanana. Bambo a Esinta adzamasula okha mfundo yawo. Adzadziwa ndani?

Ndakwera lole ya nsomba. Pachipata cha msika: "Khadi la chipani, mayi!" Ndaonetsa. Langa ndimayenda nalo m'kamisolo, pafupi ndi mtima, ngakhale chifukwa chake si chikondi.

Mpunga ulipo, milumilu. Ndikuwerama pa mulu uliwonse, ndikununkhiza.

"Amayi, mugula kapena mukudya ndi mphuno?"

Woyera, wopanda kachirombo, koma sukununkhira kanthu. Wina akulumbira pali amake kuti wake ndi wa ku Karonga. Ngati ndi wa ku Karonga ndiye unabwera wapansi, fungo linathera panjira.

Ndaima pakati pa msika ngati chitsiru. Munthu amene waphikira anthu m'sitima zaka zonsezi, ine ndimunamize ndi mpunga? Adzangomva nthunzi ali pakhomo. Ndipo sadzanena kanthu, ndimawadziwa. Adzadya, adzathokoza, mumtima n'kumati mkazi wanga anatopa kudikira, anadya, wagula wina wondiphimba m'maso. Chimenecho ndiye sindingachipirire. Bola wotuwa, koma wawo.

Sindinagule.

Sitima ili padoko. Ndinalumbira kuti sindiyang'anako. Ndayang'ana. Pakhomo la kukhitchini, pamene amuna anga ankaima n'kundikwezera chipande m'mwamba sitima ikamakocheza, paima munthu wina, wonenepa, akutaya makoko a mbatata m'madzi. Sitima siinaime chifukwa cha iwo. Anthu akudyabe.

Akazi awiri a anzawo a m'sitima, amene tinkaphika limodzi m'maukwati, andiona. Mwadzidzidzi tomato wawasangalatsa kwambiri, akumutembenuza mmodzimmodzi. Sindikuwada. Nawonso ali ndi amuna oti atengedwe.

Ndawasowa amuna anga. Ndawasowa kutsokomola kwawo kwa m'mawa, ndawasowa kudandaula kwawo kuti ndiwo zanga zachepa mchere. Ndanena.

Masana, kunyumba. Ndayala nsalu yoyera patebulo, ndikutola njere imodziimodzi. Wabwino uku, wobooka uku, nankafumbwe m'chitini cha palafini. Poyamba ndikuwatukwana aliyense ndi mtundu wake. Kenako pakamwa patopa, manja okha akugwira ntchito. Khosi lauma, maso akuona tinthu takuda ngakhale pakhoma.

Mmodzi wadzifetsa, miyendo wapinda pamimba, ali duu. Nditangochotsa chala, wadzuka, ulendo. Wadutsa tebulo lonse, watsika mwendo wa tebulo, walunjika pakhomo. Ndamusiya. Sabata ino aliyense amene angathe kutuluka atuluke.

LOWERUKA

Phulusa silichoka ndi kupeta. Tsabola nayenso wakakamira. Kwatsala madzi.

Abiti Saidi akuti, "Mukautsuka ndiye mwauphika kale, chemwali. Mpunga wonyowa sugonera masiku, kutentha kumeneku." Ndikudziwa. Nanga si akubwera mawa?

Ndatsuka. Madzi oyamba akuda bii, manja akuyabwa ndi tsabola. Koma taonani! Anankafumbwe ayandama onse pamwamba, njere zobooka nazonso. Ndawakhuthulira kudzala, ndawatsanzika. Madzi ena. Enanso. Ndikuzunguza beseni kuti mchenga utsalire pansi, ndikuwola wa pamwamba ndi manja.

Woyera! Woyera mbee!

Wochepa. Mphika umodzi, wapakati, osati waukulu uja.

Ndanunkhiza. Usipa pang'ono. Nimu pang'ono. Nyani, mwina, kapena ndi maganizo chabe. Koma pansi penipeni, kutali, Karonga akadalimo. Ndatseka maso, ndanunkhizanso.

Ndauyala patebulo m'nyumba, chitseko chotseka, zenera lotseka. Nkhuku isalowe, nyani asalowe, malangizo asalowe.

Zina zimene zatheka:
- khonde lazirika, lili see
- malaya asitidwa. M'kolala munali anankafumbwe awiri, nawonso asitidwa.
- nkhuku ya Abiti Saidi yapita kwa a shehe kuti akaiphe mwa Chisilamu. Tapangana: nkhuku yawo, mpunga wanga, tidyera limodzi anthu anayi.

Amayi a tcheya adutsa, aima, ayang'ana khonde. "Kukubwera alendo?"

Ndati ayi amayi, ndi ukhondo chabe.

"Ukhondo ndi wabwino."

Apita.

Masana. Ndatsegula chitseko kuti ndione mpunga wanga woyera. Pakuyenda zinthu! Ofiirira, ang'onoang'ono, atsopano. Achokera kuti, khomo lili chitsekere? Abiti Saidi asuzumira: "Awo ndi ana. Amabadwira m'kati mwa njere. Simungawathe, chemwali, olo mutatsuka ndi sopo." Sabata yonse ndakhala ndikulimbana ndi makolo, ana ali phee m'kati akudikira nthawi yawo.

Ndatola amene ndawaona. Mphamvu zotukwana zatha.

Funso limene ndakhala ndikulizemba chiyambire Lolemba, lero latuluka lokha. Ndati, kodi msuweni uja anamva maina?

"Maina sanamve. Anamva kuti a kunyanja."

A kunyanja! Nyanja yonseyi, kuyambira kuno mpaka kumene kunachokera mpungawu? Mtima wanga wazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Ndabwerera ku mpunga wanga. Abiti Saidi nawonso ayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino, kenako akuti akukaona nkhuku.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinapite. Mulungu akudziwa kumene ndili.

Ndaphika m'mawa, kuti akafika asadikire. Madzi atawira ena ayandamanso, ndawachotsa ndi chipande. Fungo ladzaza nyumba. Palibe wabwera kudzapala moto. Ndavundikira, ndakulunga mphika m'chitenje, malaya ndapachika pampando wa pa makina.

Pamsewu, pansi pa mlambe. Ine uku, Abiti Saidi uko, ngati sitidziwana. Ndanyamula dengu lopanda kanthu kuti ndioneke wapaulendo. Lole yadutsa. Thirakitala yadutsa. Mthunzi wasuntha, ifenso tasuntha.

Basi!

Otsika:
- mayi wa mtolo wa nzimbe
- msilikali wa pamadzi
- aphunzitsi, ndi njinga yawo yochokera padenga
- nkhalamba yometa mpala, thalauza lomanga ndi luzi, yopanda katundu

Ine maso ali pakhomo la basi. Ndikudikira wotsatira. Kondakitala wamenya bodi.

Abiti Saidi akuwa. Nkhalamba ija ndi Che Bwanali. Munthu amene ankanyamula bwato paphewa yekha! Agwirana pomwepo pafumbi. Ine ndayang'ana basi mpaka fumbi lake latha. Mwina anagona, mwina apitirira, atsikira ku Monkey Bay poti sakudziwa kuti tinasamuka. Ndaima ndi maganizo amenewo kanthawi. Che Bwanali andiyang'ana, apukusa mutu pang'ono chabe.

Ndawakondwerera Abiti Saidi, Mulungu ndi mboni. Ndawachitiranso nsanje yoti sindinaimvepo chibadwire.

Masana. Mpunga wapsa kale, sungadikire wina. Tinapangana, ndiye ndanyamula mphika kupita kwawo. Mbale ndatenga zinayi mosaganiza, imodzi ndaibisa m'chitenje.

Che Bwanali ali pamkeka kuseri kwa nyumba, kumene a panjira sangaone. Ndawagawira. Pamwamba penipeni pa mpunga pali awiri akuda amene anandizemba. Manyazi! Ndatambasula dzanja kuti ndiwachotse. Agwira mbale ndi manja onse awiri, aikokera pachifuwa.

"Asiyeni, amayi. Kumene tachokako, imeneyi ndiye inali nyama."

Adya osayang'ana kumbali, mpaka njere yomaliza. Asamba m'manja. Ayang'ana kunjira, kenako kubafa, kenako atsitsa mawu.

"Achimwene ali moyo. Tinali chipinda chimodzi. Dzina lawo silinaitanidwe. Atanditchula ine anandigwira mkono, akuti, ukawauze amayi a Esinta, mpunga uja asandisungire. Adye ndi mwana, ungafumbwe."

Ndati, china?

"Panalibe nthawi, amayi. Chitseko chinatsekedwa."

Abiti Saidi aphimba nkhope ndi mpango. Ine ndaseka, kuseka koipa, kosamveka ngati kwanga. Ungafumbwe! Munthu wapeza mpata wa mpweya umodzi woti atumize mawu kwa mkazi wake, chaka chathunthu, n'kunena za mpunga. Koma ndamva zimene akunena. Amene ali m'katimo ndi iwo, akudziwa kuposa msuweni wosesa. Khirisimasi inonso ndisawayembekezere.

Ali moyo. Ali moyo, ndipo sakubwera. Ziwirizi ndikuzitembenuza, sizikukhala malo amodzi.

Ndatenga mbale yanga. Ndi mawu okhawo amene andituma, ndiye ndimvere. Gawo la Esinta ndidya ndine, ku Malindi sungafike usanasase. Sindikutola kanthu, chimene chili m'mbale chilowe.

Mchenga pang'ono, tsabola pang'ono. Koma ukukoma. Munthu uja amadziwa kusankha mpunga.